Mawati a Laser ya Diode ndi Kudula Plywood: Mafunso ndi Mayankho

Makina ang'onoang'ono a laser, oti munthu n'kuika pa tebulo n'kumadulira zilembo, zikwangwani, zokongoletsera keke ndi tizikumbutso ta paukwati, tsopano akupezeka paliponse m'misika ya pa intaneti. Chimene chimazunguza mutu ogula ndi manambala ake: awa alembedwa 40W, awo 10W, koma a 10W ndiwo okwera mtengo. Mafunso otsatirawa akulongosola tanthauzo la manambalawo, komanso zimene zimachititsa kuti plywood idulike bwino kapena ikane.

ZA MPHAMVU YA MAKINA

Kodi laser ya diode ndi chiyani?

Ndi kachipangizo kakang'ono kamene kamasandutsa magetsi kukhala kuwala kwamphamvu kolunjika pamalo amodzi. M'makina a kunyumba kuwalako kumakhala kwa buluu, ndipo utali wa mafunde ake ndi pafupifupi mananomita 450. Kukagwera pa thabwa kumatenthetsa malo ochepetsetsa mpaka mtengowo kupsa n'kusanduka utsi, pamenepo n'kutsala mzere wodulidwa. Palibe mpeni kapena macheka amene amakhudza thabwalo.

Makina akewo amakhala otani?

Ambiri ndi felemu ya aluminiyamu ya makona anayi, yokhala ndi malo ogwirira ntchito pafupifupi masentimita 40 m'litali ndi m'lifupi. Mutu wa laser umayenda pa felemuyo mokokedwa ndi timamota ndi malamba, kutsatira chithunzi chochokera pa kompyuta. Mayina amene mungakumane nawo kawirikawiri ndi xTool, Atomstack, Sculpfun, Ortur ndi Creality, onsewa makampani a ku China.

Chilembo cha W chimene amalemba pa makinawa chikuimira chiyani?

Chikuimira mawati, womwe ndi muyezo wa mphamvu. Koma pa makina amodzi omwewo mphamvu ingayezedwe m'malo atatu: magetsi amene makina onse akukoka pa soketi, magetsi amene akulowa m'mutu wa laser, ndi kuwala kumene kukutuluka pa lenzi. Mwa zitatuzi, chimene chimadula thabwa ndi kuwalako basi.

Ndaona makina a 40W otchipa kuposa a 10W. Zikutheka bwanji?

Kawirikawiri a 40W otchipawo amakhala atalembedwa mphamvu ya magetsi olowa, pomwe kuwala kwake ndi kwa mawati 5 kapena 5.5 okha. A 10W aja analembedwa mphamvu ya kuwala kwenikweniko, choncho ndi amphamvu kuwirikiza kawiri ngakhale nambala yake ikuoneka yaing'ono. Kalembedwe kotereka kanali kofala kwambiri makinawa atangoyamba kutchuka, ndipo mpaka pano sikanatheretu.

Ndiye pogula ndiyang'ane pati?

Musadalire nambala yaikulu ya pamutu wa malonda. Tsikani mpaka pa ndandanda ya tsatanetsatane wa makinawo. Fufuzani mzere wolembedwa kuti "optical power" kapena "laser output power", ndipo makina awiri muziwayerekeza pa mzere umenewo wokha. Mizere yolembedwa "machine power" kapena "input power" ikunena za magetsi. Mukaona akuti makinawo amagwira ntchito mofanana ndi laser ya mawati akutiakuti, dziwani kuti amenewo ndi mawu otsatsira malonda, si muyezo.

Nanga ngati wogulitsa sanalembe mphamvu ya kuwala?

Yang'anani adaputala yake, ndipo muchulukitse nambala ya V ndi nambala ya A zimene zalembedwapo. Adaputala ya 12V ndi 3A imapereka mawati 36, omwe ayenera kugawidwa ku mamota, ku fani ndi ku laser, choncho kuwala kwa mawati 40 sikungatulukemo. Diode ya buluu imasandutsa kukhala kuwala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a magetsi amene yalandira, ndipo otsalawo amathera m'kutentha.

N'chifukwa chiyani mawati ake amakwera motere: 5, 10, 20, 40?

Diode imodzi ya m'makinawa imatulutsa mawati pakati pa 5 ndi 6. Kuti mphamvu ikwere, opanga amaika madiode angapo m'mutu umodzi n'kuphatikiza kuwala kwake pogwiritsa ntchito timagalasi: madiode 2 amapereka pafupifupi 10W, 4 amapereka 20W, ndipo 8 amapereka 40W. N'chifukwa chake mutu weniweni wa 40W umakhala waukulu, wolemera ndiponso wokwera mtengo. Kamutu kopepuka kokhala ndi fani imodzi yaing'ono sikangakhale ka 40W.

Kodi 20W imadula thabwa lokhuthala kawiri kuposa 10W?

Ayi. Chimene mumapindula kwambiri ndi liwiro: ntchito imene 10W ikanaidutsa maulendo awiri, 20W ikhoza kuimaliza ulendo umodzi. Kuya kumawonjezeka ndithu, koma osati mowirikiza, chifukwa kuwala kukamalowa mkati mwa thabwa kumayamba kumwazika, ndipo utsi ndi makala a mumzeremo zimamwa gawo la mphamvu yake.

Amalembanso kukula kwa kadontho ka kuwala. Kameneko kali ndi ntchito yanji?

Kadontho kakachepa, mphamvu imaunjikana pamalo ochepa ndipo imaboola msanga. Zili ngati galasi lokulitsa zinthu limene ana amawotchera pepala padzuwa: dzuwa ndi lomwelo, koma pepala limayaka pokhapokha kadontho kakachepetsetsa. Opanga amalemba kukula kwake monga 0.08 x 0.08 mm, ndipo mbali zonse ziwiri zikachepa ndi theka, mphamvu ya pamalopo imawirikiza kanayi. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene makina awiri a 10W amadulira mosiyana.

Kodi yamphamvu kwambiri ndiyo yabwino pa ntchito iliyonse?

Osati iliyonse. Madiode akachuluka, kadontho kawirikawiri kamakulirako, choncho pa zithunzi za nkhope ndi tizilembo tating'ono, mutu wa 5W kapena 10W umazokota mwaukhondo kuposa wa 40W. Pofuna kuthana ndi zimenezi, mitu ina ya 40W ili ndi posinthira pozimitsa theka la madiode pozokota, n'kuwayatsa onse podula.

Nanga 40W ya diode ndi 40W ya CO2 ndi zofanana?

Ndi mitundu iwiri yosiyana. Laser ya CO2 imatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso kwa mananomita 10,600 kuchokera m'chubu chagalasi choziziritsidwa ndi madzi, ndipo mawati ake nthawi zambiri amakhala a kuwala. Kuwala kumeneko kumadula acrylic woonekera mkati, pomwe kwa buluu kumangodutsa osamuchita kanthu. Pa matabwa CO2 imakhala yofulumira ndipo sivutika kwambiri ndi guluu, koma makina ake ndi aakulu ndipo amafuna chisamaliro chochuluka.

ZA PLYWOOD NDI KADULIDWE KAKE

Plywood imasiyana bwanji ndi thabwa wamba pansi pa laser?

Plywood imapangidwa ndi timatabwa topyapyala tosanjikiza, 3, 5 kapena 7, tomatidwa ndi guluu, ndipo mizere ya mtengo imapingasana gawo ndi gawo. Laser iyenera kuboola mtengo, kenaka guluu, kenaka mtengo wina, mpaka kutulukira pansi. Guluu sapsa mofanana ndi mtengo, motero plywood ya mamilimita 5 ikhoza kuvuta kuposa thabwa lofewa la mamilimita 8.

Ndi plywood iti imene imadulika bwino?

Yosavuta kwambiri ndi ya basswood ndi ya poplar, chifukwa mitengo imeneyi ndi yopepuka ndipo ilibe utomoni wambiri. Ya birch ndi yolimba komanso yooneka bwino, koma imafuna mphamvu yochuluka kapena liwiro lotsika. Ogulitsa ena amakhala ndi plywood yopangidwira laser, yambiri ya mamilimita 3, yomwe mkati mwake mulibe mfundo ndi mabowo ambiri.

Guluu wovuta ndingamuzindikire bwanji?

Yang'anani m'mphepete mwa thabwa, pamene zigawo zake zikuonekera. Mizere ya guluu ikakhala yoyererapo, kawirikawiri ameneyo ndi guluu wa plywood ya m'nyumba, ndipo laser imamudutsa. Ikakhala yakuda kapena yofiirira kwambiri, ndi guluu wa phenol wosalowa madzi, amene amakhala mu marine ply ndi shutter ply. Ameneyu amasanduka makala n'kutsekereza kuwala, ndipo m'mphepete mumatuluka mwakuda mothimbirira zala.

Nanga plywood ya m'mashopu a hadiweya kwathu kuno ingatheke?

Ina imatheka, ina ayi, chifukwa yambiri inapangidwira zomanga ndi mipando, osati laser. Ya paini imakhala ndi utomoni komanso mizere yolimba ndi yofewa yosinthana, choncho laser imadula mozama pena, mosazama pena. Musanagule thabwa lathunthu, pemphani kachidutswa kotsala kwa akalipentala kuti mukayesere. Yambani ndi yopyapyala ya mamilimita 3 kapena 4 yokhala ndi guluu woyera.

Mawati angati amadula mamilimita angati?

Mwachiyerekezo, pa plywood yabwino ndiponso mphepo ya pampu ikuuzira pamene pakudulidwa, 5W imadula mamilimita 3 podutsa maulendo awiri mpaka anayi, ndipo 10W imadula omwewo podutsa kamodzi kapena kawiri. Ya 20W imamaliza mamilimita 3 ulendo umodzi mosavuta, ndi mamilimita 6 kamodzi kapena kawiri. Ya 40W imafika cha m'mamilimita 10. Manambala amenewa amatsika plywood ikakhala yolimba, yachinyezi kapena ya guluu wakuda.

Koma otsatsa akuti makina awo amadula mamilimita 15 kapena 20. Akunama?

Nthawi zambiri samanama, koma amayesera pa thabwa lofewa lopanda guluu, pa liwiro lotsika kwambiri kapena podutsa maulendo ambiri. Chodulidwacho chimatuluka ndithu, koma m'mphepete mutapsa ndipo nthawi itapita yambiri. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ya plywood, yembekezerani theka la nambala imeneyo kapena kucheperapo.

Chabwino n'chiti, kudutsa kamodzi pang'onopang'ono kapena kangapo mofulumira?

Laser ikayenda pang'onopang'ono kwambiri, kutentha kumafalikira m'mbali, mzere umakula ndipo thabwa likhoza kuyaka. Kudutsa kawiri kapena katatu mofulumirako kumasiya m'mphepete mofiirira m'malo mokuda. Koma maulendo akachulukitsitsa, makala oyamba aja amatsekereza kuwala ndipo laser imangopsereza osaloweranso. Mukaona kuti mwafika maulendo 6 kapena kupitirira thabwa lisanagwe, vuto lili pena, osati pa chiwerengero cha maulendo.

Chimene amati air assist n'chiyani, ndipo n'chofunikadi?

Ndi kapampu kamene kamauzira mphepo kudzera pa kamlomo ka mutu wa laser, molunjika pamene pakudulidwa. Mphepoyo imachotsa utsi ndi phulusa mumzere, imazimitsa timalawi tisanakule, ndiponso imateteza lenzi kuti isade msanga. Pozokota mukhoza kukhala opanda, koma podula plywood n'chofunika kwambiri. Wokhala ndi 10W amene akudandaula za kupsa, ayambe wagula pampu asanaganize zogula mutu wina.

Mutu wa laser uzitalikirana bwanji ndi thabwa?

Mutu uliwonse uli ndi mtunda wake pamene kadontho kamachepetsetsa, ndipo makina amabwera ndi kachitsulo kapena kamwendo koyezera mtundawo. Pa mamilimita 3, kulunjika pamwamba pa thabwa n'kokwanira. Pa thabwa lokhuthala, tsitsani mutu pang'ono kuti pochepetsetsa pakhale mkati, cha pakati pa thabwalo, kapena muziutsitsa milimita imodzi mukamaliza ulendo uliwonse. Mukasintha thabwa, yezaninso.

Pansi pa thabwa ndiikepo chiyani?

Thabwa lisagone pa tebulo mwachindunji, chifukwa utsi umasowa kotulukira ndipo kumsana kwake kumada. Ambiri amagwiritsa ntchito chitsulo chokhala ndi timabowo tambirimbiri chotchedwa honeycomb, ndipo pansi pake amaika chitsulo chosalala choteteza tebulo. Timisomali kapena tizitsulo tokweza thabwa m'mwamba pang'ono timagwiranso ntchito yomweyo.

Mzere wonse wadulika, koma malo ena akana. Chalakwika n'chiyani?

Kawirikawiri ndi zimene zabisika mkati mwa plywood: mfundo, guluu wounjikana, kapena phala limene fakitale inatsekera mabowo. Pa thabwa lopyapyala mungazione pasadakhale poika tochi yowala kwambiri kumsana kwake m'chipinda chamdima. Malo akuda muwalembe ndi pensulo n'kuwapewa. Chifukwa china ndi kupindika kwa thabwa, komwe kumasintha mtunda wa mutu, choncho lipanikizeni kuti ligone bwinobwino. Musalinyamule musanatsimikize kuti ladulika, chifukwa likasuntha simungabwereze pa mzere womwewo.

Kodi nyengo imasintha kadulidwe?

Inde. Plywood imamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo laser iyenera kuyamba yaumitsa madziwo isanawotche mtengo. Manambala amene anadula bwino mu Okutobala akhoza kulephera mu Januwale pa thabwa lomwelo. Sungani plywood chogoneka, pamalo ouma, osati pa simenti, ndipo muitsindike ndi cholemera kuti isapindike.

Ndingapeze bwanji liwiro ndi mphamvu zoyenera thabwa langa?

Yesani pa kachidutswa ka thabwa lomwelo musanayambe ntchito yeniyeni. Pulogalamu ya LightBurn, yomwe ndi yogula, ili ndi gawo la Material Test limene limajambula timabokosi tambiri, kalikonse ndi liwiro ndi mphamvu yakeyake. Wogwiritsa ntchito LaserGRBL, yomwe ndi yaulere pa Windows, akhozanso kuchita mayeso otere. Sankhani kabokosi kamene kagwa kokha pa liwiro lokwera kwambiri, kenaka mutsitse liwirolo pang'ono kuti mfundo zisakulepheretseni. Lembani manambalawo pa kachidutswako n'kukasunga.

Ndakopera manambala a munthu wina koma sizikutheka. Chifukwa chiyani?

Choyamba onani muyezo wa liwiro, chifukwa ena amalemba mamilimita pa mphindi, ena pa sekondi. Liwiro la 600 mm/min ndi lofanana ndi 10 mm/s, choncho kusokoneza ziwirizi kumasintha liwiro maulendo 60. Chachiwiri, mnzanuyo akhoza kukhala ndi plywood ina, pampu ina kapena mutu wa kadontho kosiyana ndi kanu. Manambala a wina akhale poyambira chabe.

Zidutswa zolumikizana zikutuluka zokhwepa. Ndichite bwanji?

Laser imadya kagawo ka thabwa pamene yadutsa, kawirikawiri pakati pa mamilimita 0.1 ndi 0.2. Dulani kabokosi ka mamilimita 20 n'kukayeza ndi vernier caliper; kakatuluka 19.85, ndiye kuti laser ikudya 0.15, ndipo theka la nambala imeneyo muliike pa kerf offset mu pulogalamu. Yezaninso kukhuthala kwa thabwa lenilenilo, chifukwa plywood yogulitsidwa ngati ya mamilimita 3 nthawi zambiri imachepa kapena kupitirira pang'ono.

Makina anga ankadula bwino koma tsopano afooka. Diode yatha?

Musanafike pamenepo, pukutani lenzi ndi kathonje konyowetsedwa ndi isopropyl alcohol, chifukwa utsi wa plywood umasiya utomoni pagalasipo. Onaninso ngati fani ikuzungulira bwino, popeza diode ikatentha mphamvu imatsika ndipo moyo wake umafupika. Mu LightBurn, nambala ya "S-value max" ifanane ndi ya $30 ya m'makina, yomwe kawirikawiri ndi 1000. Ikakhala 255 pomwe makina akuyembekezera 1000, mukaika 100 peresenti mukungolandira pafupifupi kota ya mphamvu.

Mawanga a utsi pamwamba pa thabwa ndingawapewe bwanji?

Matani tepi ya pepala pamwamba pa thabwa musanadule, ndipo mukamaliza muimatule; utsi umatsalira pa tepiyo. Mawanga otsala amachoka ndi sandipepa yosalala. Mphepo yokwanira ndi liwiro loyenera zimachepetsa mawangawo kuyambira pachiyambi.

ZA CHITETEZO NDI KUSANKHA

Kodi kuwalaku n'koopsa ku maso?

Kwambiri. Laser iliyonse yopitirira theka la wati imodzi ili m'gulu la Class 4, lomwe ndi loopsa kuposa onse, ndipo ya 5W yapitirira malirewo maulendo 10. Ngakhale kuwala kobwerera kuchokera pa chitsulo chonyezimira kungawononge diso musanaphethire. Valani magalasi olembedwa kuti amatchinga kuwala kwa mananomita 445 mpaka 455 ndipo ali ndi OD 5 kapena kupitirira. Magalasi a dzuwa sateteza, ndipo ana ndi ziweto asakhale m'chipindamo.

Nanga utsi wake?

Utsi wa plywood ndi wa MDF uli ndi formaldehyde wochokera ku guluu, choncho uyenera kutulutsidwa panja kudzera pa paipi ndi fani, makina ali m'bokosi lotseka. Musadule chilichonse chokhala ndi PVC, monga mapaipi, nsalu za pulasitiki za zikwangwani ndi zikopa zina zopanga, chifukwa zimatulutsa mpweya wa asidi wowononga mapapo ndi zitsulo za makina. Pewaninso matabwa obiriwirako othiridwa mankhwala a CCA oteteza chiswe, chifukwa muli arsenic.

Ndingawasiye makina akudula n'kupita kukagwira ntchito zina?

Ayi, ngakhale kwa mphindi zochepa. Kudula ndi laser ndi kuwotcha, ndipo lamba akaterereka kapena kompyuta ikaima, mutu ukhoza kukhazikika pamalo amodzi kuwala kuli chiyakire. Khalani pafupi ndi pozimitsira magetsi, chozimitsira moto chikhale pofikirika, ndipo muzichotsa tizidutswa togwera pansi pa honeycomb chifukwa ndito timayamba kuyaka.

Amadya magetsi ochuluka? Nanga akazima pakati pa ntchito?

Makina ambiri a 5W ndi 10W amakoka mawati osapitirira 100, pomwe a 20W ndi 40W amapitirirako, makamaka mukawonjezera pampu ndi fani yotulutsa utsi. Adaputala zambiri zimalandira 100V mpaka 240V, choncho zimagwirizana ndi 230V ya ku Malawi ndi ku Zambia, koma werengani zolembedwapo musanalumikize. Magetsi akazima ntchito imaima pomwepo, ndipo kuyambiranso pamalo enieniwo n'kovuta. Invata kapena UPS yokwanira mawatiwo imapulumutsa thabwa.

Ndiye munthu woyamba kumene agule ya mawati angati?

Ngati ntchito yanu yambiri ndi kuzokota mayina ndi zithunzi, n'kumadula mamilimita 3 mwa apo ndi apo, 10W ya kuwala kwenikweni ndi yokwanira. Ngati mukufuna kudula plywood ya mamilimita 3 mpaka 6 tsiku ndi tsiku kuti muzigulitsa, yambirani pa 20W. Pa bajeti yanu muwerengeremo pampu ya mphepo, honeycomb, magalasi oteteza maso ndi njira yotulutsira utsi, chifukwa popanda zimenezi mawati okha sakupatsani ntchito yaukhondo. Musanalipire, funsani wogulitsa mphamvu ya kuwala, ndipo musanadule ntchito ya kasitomala, yesani kaye pa kachidutswa ka thabwa lomwelo.